Peni yomwe imamwa inki ukamakankha, osati ukamakoka

[Kamera ili pa tebulo: peni yoonekera mkati, botolo la inki ya buluu, kansalu kakale]

Muli bwanji nonse, takulandirani. Lero sindiyamba ndi zolankhula zambiri ayi, muone kaye kenako tikambe. Peni iyi ilibe inki olo dontho, mukuona mkatimu muli mbee. Ndikumasula kachitsekero kakumbuyoku, ndakoka, kandodo kachitsulo katuluka konse. Tsopano nibu, nsonga yolemberayi, ndaiviika m'botolo, yonse mpaka pakhosi pa peni. Ndikukankha pang'onopang'ono, inu maso mkatimu. Palibe chikulowa. Palibebe. Tafika pakati, palibe. Tatsala pang'ono kufika pansi...

[Kaphokoso koti thu! Inki ikukwera]

Mwaona? Inki yalowa kamodzi n'kamodzi ngati yachita kuitanidwa. Ndibwereza pa silo moshoni kuti amene munaphethira muonenso.

Ndiye funso ndi ili, zikutheka bwanji? Chifukwa aliyense amene anaonapo sirinji ya jekeseni akudziwa kuti madzi amalowa ukamakoka, ukakankha amatuluka. Apa zatembenuka. Ine tsiku loyamba kugwira peni ya mtunduwu ndinachita zomwe mutu unandiuza, ndinaviika nibu nkukoka ngati sirinji, kunalowa timadontho tochepa chabe, ndiye ndinati aaa kaya yabwera yowonongeka, ndinaichotsa m'botolo nkuiyang'anitsitsa kwinaku ndikubweza kandodo mkati mwamphamvu, nibu italoza pachifuwa. Malaya oyera amenewo mpaka lero ndi chopukutira, ndi kansalu mukukaona apaka kkkk.

Peni zimenezi pa Chingerezi amati plunger filler, ena amati vacuum filler, ndi chinthu chimodzi. Tiyeni tiiphwasule.

[Zidutswa zayalidwa pa pepala loyera]

Zinthu zake si zambiri. Ichi ndi thupi la peni, kapaipi basi, ndipo inki imakhala momwemu mwachindunji, mulibe katiriji (kachubu kapulasitiki kobwera ndi inki kale), mulibe kathumba ka labala. Aka ndi kandodo kaja. Kumapeto kwake kuli kalabala kozungulira, washa, kokhala ngati kambale kakang'ono. Kumbuyo kwa thupi, pomwe kandodo kamalowera ndi kutulukira, pali silo ina yomwe imagwira kandodo kuti mpweya usadutsepo. Isungeni m'mutu silo yakumbuyoyi, tibwererako chifukwa ndi imene imapha peni zambiri zakale.

Koma chinsinsi chenicheni sichili pa zidutswa zoyendazi. Chili pa thupi la peni, malo oti munthu sungawaone ngati sanakuuze. Ndisendeza kamera.

[Pafupi kwambiri, chakumunsi kwa thupi la peni]

Taonani apa, pafupi ndi pogwirira. Kapaipi kamayenda kofanana kuchokera kumbuyo konse, koma kakafika apa kamatakasuka pang'ono, mkati mumakula. Pang'ono zedi, mwina mukuona ngati kamzere chabe. Peni yonse yagona pa kamzere kameneka.

Tiyende nayo pang'onopang'ono. Ukamakoka kandodo, washa uja amapindika m'mbali mwake nkulola mpweya womwe unali kumbuyo kwake kudutsa kupita kutsogolo. Ndi chifukwa chake kukoka sikumwetsa inki kwenikweni, palibe chikugwira. Amene anaphwasulapo pampu ya njinga akudziwa kachikopa kaja kapena kalabala kokhala ngati kapu, ukamakoka kamafewa mpweya nkudutsa, ukamakankha kamatambasuka nkugwira khoma. Ndi nzeru yomweyo. Kusiyana kwake nkoti pa pampu chomwe tikufuna ndi mpweya wa kutsogolo woti ulowe mu tayala, pomwe pa peni ntchito ikuchitika kumbuyo kwa washa.

Ndiye ukayamba kukankha, washa wagwira khoma, ndi. Mpweya wa kutsogolo ukutulukira ku nibu, ndi mathovu aja mumawaona akubwata m'botolo. Nanga kumbuyo? Kumbuyo malo akukulirakulira koma palibe chikulowamo, kutsogolo washa watseka, kumbuyo silo yatseka. Mukutsala malo opanda mpweya, vakyumu. Ukhoza kuimva ndi chala, kandodo kamalimba, ndipo ukakasiya pakati kamabwerera kokha ngati kali ndi sipuling'i chonsecho mulibe sipuling'i.

Kenako washa wafika pa malo otakasuka aja. Sakukhudzanso khoma, mpata watseguka mbali zonse. Ndi kaphokoso kaja munamva. Njira yochokera m'botolo, kudutsa pa nibu, kuzungulira washa, mpaka m'chipinda chopanda kanthu chija yatseguka, inki nkuthamangira mmenemo.

Apa pali kanthu kamene ndimakonda kukangana nako ndi anzanga. Timati peni yayamwa inki, eti? Koma kunena zoona peni siyamwa chilichonse. Ndi mpweya wa m'chipinda muno umene ukukankha inki. Mpweya umalemera abale, kungoti tinabadwiramo ndiye sitiumva. Kufupi ndi nyanja yamchere umapanikiza ndi mphamvu pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi, kamalo kangati chikhadabo chanu. Mphamvu imeneyo ikupanikiza pamwamba pa inki m'botolomu nthawi zonse. Tsiku lililonse siichita kanthu chifukwa mkati mwa peni mulinso mpweya wokankha mofanana. Ukangochotsa wamkatiwo, wakunja wapeza kolowera. Zomwezo zimachitika ukamamwa chakumwa ndi kapaipi, pakamwa pako pamangochepetsa mpweya, wokweza chakumwacho ndi mpweya wakunja.

Nchifukwa chake nibu iyenera kumira yonse. Ikangosuzumira pang'ono pamwamba, mpweya ndi wopepuka kuposa inki, ulowa ndi iwowo, iwe nkutsala ndi peni yodzaza mphepo. Ndipo ikalira thu muja musathamangire kuichotsa, werengani mpaka faifi kaye, inki imafuna kanthawi kuti idutse m'tinjira ting'onoting'ono ta pansi pa nibu.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kale peni zambiri za inki ankazithira ndi kagalasi kodonthezera, kangati ka mankhwala a m'maso, umamasula peni, kudontheza, kumanga, zala zonse bii. Ndiye mu 1905 kampani ya De La Rue ya ku London, yomwe ija yodziwika ndi kusindikiza ndalama za mapepala ndi masitampa, inatulutsa peni yotchedwa Onoto, yodzithira yokha ndi kandodo kotere. Amene anapanga njirayi anali injiniya wina dzina lake George Sweetser. Ma Onoto oyambirira anali a labala wolimba wakuda, ebonite, ndiye eni ake sankaona nkomwe zomwe inu mwaona lerozi, ankangomva kaphokoso nkukhulupirira kuti yamwa. Mu 1927 ntchito yopanga inasamukira ku Strathendry ku Scotland, ndipo fakitale imeneyo inapanga mapeni mpaka 1958.

Ku America nako Sheaffer, ya ku Fort Madison ku Iowa, inabwera ndi yake mu 1934, ankaitcha Vacuum-Fil, ndipo inayenda mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pomwe anabweretsa njira ina ya Touchdown mu 1949. Chenjezo pang'ono kwa amene mumasaka zakale pa intaneti, Parker Vacumatic dzina likumveka ngati ndi gulu lomweli koma ayi, imeneyo ili ndi kalabala kopopa mkati ndipo umadina kangapo. Komanso musasokoneze ndi ma pisitoni ngati a Pelikan omwe anayamba mu 1929, aja umapotokola kumbuyo pisitoni nkumakwera pang'onopang'ono ikukoka inki. Amenewo ndiye sirinji yeniyeni. Yathuyi ndi kukankha kamodzi basi.

Masiku ano zodziwika ndi Pilot Custom 823 ya ku Japan, TWSBI Vac700 ya ku Taiwan, ndi ma Visconti ena a ku Florence ku Italy, iwo amaitcha power filler. Chomwe anthu amazikondera ndi kuchuluka kwa inki. Katiriji yaifupi wamba ija siifika olo mililita imodzi, pomwe izi ukazidzaza bwino zimadutsa mamililita 2, chifukwa mkati monse ndi mwa inki, kandodo kowondako sikadya malo. Pa pisitoni pafupifupi theka la thupi limapita ku zomangira zake.

Ndanena kuti ukazidzaza bwino, chifukwa kukankha kamodzi sikudzaza mpaka pakamwa. Taonani yangayi, yadutsa theka koma pamwamba patsala mpweya. Kwa ine izi zimakwana, koma ngati muli a mtima wofuna zonse, njira yake nayi, ndipo kansalu kakhale pafupi.

[Peni yaimitsidwa, nibu kumwamba]

Nibu iloze kumwamba. Kokani kandodo konse pang'onopang'ono, inki itsikira pansi, mpweya ukwera. Tsopano kankhani pang'ono pang'ono, mukutulutsa mpweya wokhawokha, mpaka muone inki yayamba kunyowetsa pansi pa nibu. Imani pomwepo. Osasiya kandodo, kagwireni ndithu chifukwa vakyumu yayamba kale kukakoka. Mutagwira choncho tembenuzani peni, viikani m'botolo, malizitsani kukankha. Thu! Onani, yadzaza mpaka kumbuyo, kwangotsala kathovu kamodzi.

Tsopano chinthu china chomwe chimasokoneza anthu ambiri, moti ena amabweza peni kwa wogulitsa kuti ndi yakufa. Wagula, wathira, ukulemba bwinobwino, tsamba limodzi, limodzi ndi theka, kenako yayamba kuzilala, kenako zii. Ukayang'ana inki ili tho. Vuto palibe apa. Kumapeto kwa kandodo kuja, kutsogolo kwa washa, kuli kamutu kena komwe ukamanga kachitsekero kakumbuyo mpaka kulimba, kamakakhala pakhomo pomwe inki imadutsira kupita ku nibu, nkutseka ngati mpopi. Zomwe unalemba zija inali inki yotsalira kutsogolo. Ukafuna kulemba zambiri masula kumbuyoko pang'ono, mamilimita awiri okha, kampata kaoneke, inki iyamba kuyenda. Onoto inali nako kale kampopi aka, ndipo Pilot ndi TWSBI ndatchula zija zili nako.

Ena zimawatopetsa, amati peni yanji yochita kutsegulira. Ine ndili mbali ya kampopi. Mdani wa peni ya inki yambiri ndi mpweya womwe uli mkatimo. Inki ikamachepa mpweya umachuluka, dzanja lako likautenthetsa umafufuma nkukankha inki, ndi madontho aja amangogwera pa pepala osawaitana. Mu ndege ndiye zimanyanya, ikakwera mpweya wa mkati mwa ndege umachepa mphamvu kufanana ndi pamwamba pa phiri la mamita 2,000 kapena kuposerapo pang'ono, wa mu peni uja nkutukumuka, ukamatsegula chivindikiro upeza nyanja. Ndi kampopi kotseka, inki yatsekeredwa, ilibe kopita. Kungoti potsegula muli m'mwamba nibu iloze kumwamba, mpweya utuluke wokha kaye.

Zoipa zake zilipo, sindikubisirani. Kutsuka ndi chintchito. Umapopa madzi, kutulutsa, kupopa, kutulutsa, kakhumi kaya kangati, ndipo kumbuyo kwa washa kumatsalirabe timadontho. Ngati ndinu munthu wosintha mtundu wa inki sabata iliyonse, peni iyi ikukwiyitsani. Botolo likatsala pang'ono nalonso ndi vuto poti nibu siimira. Ndipo simungangoti ndikoke kandodo ndione, muli inki mkati, pobweza imalavula, funsani malaya anga aja.

Ndiye silo yakumbuyo ija ndinati muisunge. Pa Onoto inali ya koko, chinthu chofewa chija amatsekera mabotolo a vinyo, pa Sheaffer ankasanjikiza feliti (kansalu kothinana kaubweya) ndi labala. Zikauma ndi zaka, mpweya umalowera kumbuyo ukamakankha, vakyumu osapangika, ndipo inki imatulukira ku kandodo nkukudetsa dzanja. Mukapeza yakale, kuiyesa kwake nkosavuta ndipo yesani ndi madzi osati inki: kokani mofatsa, kankhani, mverani. Ikalira thu ndiye kuti ili moyo. Ikangotsika fwee osalimba, ikufunika wokonza, ndipo ma Sheaffer amenewa ngakhale okonza amawadandaula chifukwa kufika pa siloyo ndi ntchito. Kandodo kakakanirira osakakamiza, zakalezi zimathyoka. Zatsopano zili ndi timalabala tozungulira tosavuta kusintha, TWSBI imabwera ndi kasipanala kake ndi girizi m'bokosi momwemo. Girizi wake akhale wa silikoni, kadontho kochepa pa kandodo. Vaselini ayi chonde, amadya labala.

[Akupukuta nibu ndi kansalu, akumasula kumbuyo pang'ono, akulemba pa pepala]

Iyi ndaitsegula mamilimita ake awiri, taonani mmene ikuyendera, yonyowa bwino. Ndilemba nayo tsiku lililonse osathiranso, tione kuti mamililita awiriwa atha masamba angati a kope ili, ndidzakuonetsani ikadzauma. Amene muli ndi Onoto kapena Sheaffer yakale yomwe ikulirabe thu, ijambuleni kaphokosoko munditumizire, ndikufuna ndimve ngati ya ebonite imalira mofanana ndi yapulasitikiyi.