Za kafukufuku uja amalume aponya pa gulupu

Amayi mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndili mu taxi pano ndiye mundikhululukire phokosoli. Ndaona chithunzi chija amalume aponya pa gulupu, cha kafukufuku wa zipani chija, ndiye akuti basi zatha kale, palibenso chifukwa chokapsa ndi dzuwa pa mzere wovotera pa chisankho cha pa 16 September 2025. Iyayi, tamverani kaye.

Anthu a kafukufukuwa, monga a Afrobarometer aja, safunsa dziko lonse ayi, amafunsa anthu ngati 1,200 basi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, zili ngati mmene inu mumatapira mpunga pang'ono m'thumba pa msika wa Area 25 paja nkununkhiza kuti muone ngati ndi kilombero weniweni. Zimathandiza ndithu sindikunyoza, koma eni akewo amanena okha kuti nambala itha kuphonya ndi 3 peresenti uku kapena uku, komanso munthu amayankha lero mawa shuga akwera mtengo maganizo asintha.

Koma chachikulu ndi ichi. Nambala ya chipani ija siyikunena za phungu wanu. Kuno ku Joni inde, anthu amavotera chipani ndiye mipando amagawana malinga ndi mavoti, 2024 ANC inapeza 40 peresenti nkutenga mipando 159 mwa 400. Kwathu sizili choncho. Za 50+1 zija, zoti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndi za pulezidenti yekha, phungu amangofunika kuposa anzake, olo ndi voti imodzi wadutsa. Mukumbuke 2019, DPP aphungu 62, MCP 55, oima paokha nawonso 55, anthu opanda chipani amenewo, kafukufuku wa zipani akanawaonera pati? Ndiye pano madera a aphungu awonjezera, anali 193 tsopano ndi 229, malire ena asuntha, mufunse bwinobwino kuti dera lathu akuima ndani, musangoti ndi yemwe uja wakale.

Mapepala akupatsani atatu, pulezidenti, phungu ndi khansala, ndipo palibe lamulo loti onse akhale a chipani chimodzi. Amene anabweretsa madzi inu mukumudziwa kuposa ine.

Kachiphaso ka MEC kaja mukayang'aniretu lero, ndikukumbuka munakaika m'Baibulo limodzi ndi makadi a sikelo, ndipo mukavotere pomwe munalembetsa paja pa sukulu, osati kwina. Mulawire, miyendo yanuyo siyofuna mzere wa masana. Iwe mng'ono wanga ukumva eti, uwaperekeze amayi, usati ndinali ku mpira.

Ine kuno sindingavote, ife a kunja satilola, ndiye zimandiwawa kumva munthu ali ndi chiphaso m'thumba akuti zatha kale. Amalume musawauze kuti ndanena ine, angandinyanyalire. Ya transport nditumiza Lachisanu ndikalandira. Ndafika potsikira, tiyankhulana.