Kapepala kamodzi, maulendo atatu

Moni moni abale anga, mwaswera bwanji uko muliko. Lero sindikujambulira ku Kigali, ku Rwanda komwe ndimakhala, ayi, ndili kwathu kuno ku Nkhotakota pakhonde pa amayi, ndiye mukamva chiphokoso musadabwe ndi mwera umenewo, wavuta kuyambira dzulo moti asodzi sanalowe pa nyanja ndipo usipa wakwera mtengo.

Nkhani yalero yachokera pa zomwe zandionekera sabata ino. Ndinaperekeza amayi ku ofesi ina yake, sinditchula, kukatenga kapepala kamodzi basi. Tsiku loyamba akuti netiweki palibe, lachiwiri akuti osainira apita kumaliro, lachitatu ndiye anatithandiza koma titakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndiye muwerengere ya kabaza kupita ndi kubwera katatu, munthu wamkulu miyendo yotupa kale. Tili pabenchipo amayi akundifunsa kuti kodi mwanangu, uko ukukhalako zimateronso?

Ndinawauza za Irembo. Mawuwa m'Chinyarwanda ndi chipata, ndipo ndi webusayiti yomwe boma la Rwanda linatsegula mu 2015 kuti anthu azipempherapo zinthu zaboma. Neba wanga ku Nyamirambo, dera la mu Kigali, anapempha setifiketi yakubadwa ya mwana wake ndikuona ndi maso angawa, analemba pa foni, kulipira pa MoMo (ndalama za pa foni), kenako meseji yabwera kuti zatheka, munthu osachoka pa shopu yake. Mwina muziti nanga agogo opanda foni yaikulu atani, eya alipo ma ejenti m'timashopu, ngati momwe timachitira ndi a Mpamba kapena Airtel Money kuno, amakulembera iwowo. Chomwe chimandisangalatsa ine si kompyutayo kwenikweni, koma kuti mtengo ndi wolembedwa poyera ndipo ndalama sidutsa m'manja mwa munthu, ndiye ya fanta uyipereka kwa ndani?

China ndi imihigo. Kuyambira 2006 mameya a maboma amasainira pamaso pa pulezidenti zomwe achite chaka chimenecho, chikatha amawapatsa malikisi nkulengeza poyera kuti boma lakuti latsogola, lakuti lili kumchira. Tangoganizani Nkhotakota, Salima, Ntchisi kuikidwa pamndandanda chonchi pa wailesi, manyazi ake! Zachipatala nazonso anazikonza mwina, ali ndi inshuwalansi ya m'midzi yotchedwa mutuelle, ine ndikufika kumeneko anthu ambiri ankapereka 3,000 francs pamutu pachaka. Kuno chipatala chaboma ndi chaulere inde, koma nonse mukudziwa zija amati mankhwalawa mukagule ku famase.

Koma musanditenge ngati ndikuti kumeneko ndi kumwamba. Lendi ku Kigali ikuluma zedi, ndipo anzanga akumeneko ukayamba zandale amangoseka nkusintha nkhani, pamene ife kuno timaimba foni pa wailesi kukalipira nduna ndi dzina lake, madzulo nkugona tulo tabwinobwino. Chimenecho sindingasinthanitse ndi webusayiti.

Komanso sikuti ife timasowa nzeru. Mu 2017 a NRB analemba anthu opitirira 9 miliyoni m'miyezi yochepa, amayi chiphaso chawo anajambulitsa pa sukulu yapafupi pompa osakwera kanthu. Zinatheka. Tsiku losesa lija a Chakwera analikhazikitsa mu November 2020, lofanana ndi umuganda, ntchito yogwirira limodzi ya Loweruka lomaliza la mwezi ku Rwanda, tinasesa miyezi ingati? Kuyamba timayamba ndi ng'oma ndi magule, koma wobwera kudzafunsa kuti zija zafika pati ndiye sitimuona.

Amayi nditawafotokozera zonsezi anangoti, ndiye ukamapita unditengere konko. Ndawauza kuti kulibe kondowole, akuti basi asiya.

Achimwene aja munalemba kufunsa za pemiti yogwirira ntchito, ndiyankha sabata yamawa ndikafika ku Salima, kuno batire yatsala pang'ono ndipo magetsi anazima m'mawa.