Phazi likasiya kumva ululu

Zikomo a Mfumu potipatsa bwalo. Azimayi ndi azibambo, ndani mwa ife sanagwirepo mphika wotentha? Dzanja limathawa lokha, ululu n'kubwera pambuyo. Ndikufuna timvetse zimene zimachitika m'kanthawi kameneko, chifukwa nkhaniyi ikukhudza abale athu odwala shuga.

Tikati mitsempha, ambiri timaganiza ya magazi. Koma ilipo ina, yoyera ngati ulusi, yomwe simuyenda magazi. Ntchito yake ndi kunyamula mauthenga kuchoka pakhungu, kudzera mumsana, kukafika ku ubongo. Uthengawo ndi kamphamvu kamagetsi kochepetsetsa, kamene kamapangika mchere wa m'thupi, sodium ndi potassium, ukamalowa ndi kutuluka mu ulusiwo.

Apa mutchere khutu. Mtsempha uli ngati munthu wogogoda pachitseko, koma kugogoda kwake sikukwera kapena kutsika mphamvu. Nanga ubongo umasiyanitsa bwanji kukhudza ndi kufinya? Umawerenga. Mwana akakukhudzani pang'ono, mtsempha umati go... go... go. Akakufinyani, umati gogogogo, ndipo mitsempha yoyandikana nayo imalowererapo. Wasayansi wina, Edgar Adrian wa ku yunivesite ya Cambridge ku England, anaonetsa zimenezi mu 1926. Analumikiza mtsempha wa chule ku makina n'kumapachika tizitsulo pamnofu wake. Katundu akalemera, kugogoda kunkachuluka, koma kukula kwake osasintha. Mu 1932 Adrian analandira mphoto ya Nobel, mphoto yaikulu ya akatswiri a sayansi.

Ndiye ubongo umadziwa bwanji kuti uku ndi kutentha, osati kuzizira? Umaona khomo limene uthenga walowera, pakuti uthenga uliwonse uli ndi njira yake. Tengani tsabola wa kambuzi. Ngakhale wagona panja usiku wonse m'mwezi wa June, mukamuluma mumati akuwotcha, thukuta kamukamu. Mankhwala a mutsabola amadzutsa mtsempha womwewo umene umadzuka kutentha kukafika pa madigiri 43. Ubongo umangomva kugogoda pakhomo la moto, basi n'kunena kuti kwapsa.

Liwiro nalonso limasiyana. Mitsempha ina imathamangitsa uthenga mamita oposa 100 pa sekondi, ina mita imodzi yokha. N'chifukwa chake mukapunthwa pachitsa mumayamba mwamva kulasa, kenako pamabwera ululu wina wonyeketsa uja, wokukhazikani pansi. Za mphika zija, uthenga ukangofika mumsana, msanawo umalamula dzanja kuti lichoke, ubongo usanauzidwe n'komwe.

Tsopano mvetserani, makamaka inu amene kunyumba kuli wodwala shuga. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga ulusi uja, ndipo amayambira mitsempha yaitali kwambiri, ya kuzala za kumapazi. Poyamba mapazi amanyerenyetsa kapena kuwotcha usiku, kenako amachita dzanzi. Khate nalonso limawononga mitsempha yomweyi. Wogogoda uja akatonthola, munga umalowa munthu osadziwa. Kamwala kamakhala munsapato tsiku lonse, kukumba chilonda mwakachetechete. Agogo amawotha mbaula m'nyengo yozizira, chala n'kupsa iwo akucheza. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa miyendo yambiri imene imadulidwa kuchipatala inayamba ndi kabala kosaposa njere ya chimanga.

Choncho ntchito imene ululu unkagwira aigwire maso. Madzulo alionse tsukani mapazi, muwapukute mpaka pakati pa zala, muyang'ane kunsi kwake. Ngati msana sukulola kuwerama, gwiritsani kalilole kapena itanani mdzukulu. Gwedezani nsapato musanavale. Osapita kumunda opanda nsapato. Madzi osamba yesani ndi chigongono, osati ndi phazi. Mukaona bala, ngakhale losapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene muli ndi shuga tsalirani pansi pa mtengowu. Muvula nsapato, mutsinzina, ndikukhudzani chala chilichonse, inu muzindiuza ngati mwamva.