Nyumba ya Lendi: Kodi M'thumba Mumatsala Zingati?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse. Munthu akakuuzani kuti nyumba yake ya lendi imalowetsa ndalama zakutizakuti pamwezi, mufunseni kuti chaka chikatha m'thumba mumatsala zingati. Ambiri amayamba kukanda m'mutu. Lero tiwerengere limodzi, kenako tikambe za inu amene mukufuna kugula nyumba muli dziko lina.

[Pa sikirini: manambala akulembedwa mmodzimmodzi]

Tingoyerekeza, ndalama ya dziko lililonse. Nyumba mwagula pa 100 miliyoni, lendi ndi 800,000 pamwezi. Pachaka ndi 9.6 miliyoni, kutanthauza 9.6 peresenti ya mtengo wa nyumbayo. Wogulitsa amathera pomwepa, chifukwa nambalayi ndi yokoma m'khutu.

Ife tipitirire. Tenanti watuluka, nyumba yakhala mwezi umodzi yopanda munthu: 800,000 yapita. Ejenti woyang'anira nyumba atenge 10 peresenti ya lendi yomwe watolera, ndiye 880,000. Denga lidzadontha, mpope udzaphulika, utoto udzasuluka. Anthu ambiri odziwa ntchitoyi amapatula pafupifupi 1 peresenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse kuti azikonzera, ndiye miliyoni imodzi. Inshuwalansi ndi msonkho wa malo tiike 500,000. Zatsala 6.42 miliyoni, ndipo msonkho wa phindu sitinaukhudze.

Nanga ngati theka la ndalama munakongola kubanki pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti? Banki itenga 6 miliyoni pachaka, chiwongoladzanja chokha. Inu mwatsala ndi 420,000, yosakwana ngakhale lendi ya mwezi umodzi. Sindikunena kuti ngongole ndi yoipa ayi. Koma chiwongoladzanja chikaposa phindu lenileni la nyumbayo, mukugwirira ntchito banki, ndipo chiyembekezo chanu chonse chili pakuti mtengo wa nyumba udzakwera. Mwina udzakwera, mwina ayi.

[Wofotokoza abwereranso]

Posankha nyumba, iwalani zomwe inuyo mumakonda. Simudzagonamo. Tenanti amayang'ana mtunda wopita kuntchito, sukulu ya ana, madzi, magetsi ndi chitetezo. Nyumba yaing'ono yomwe anthu amailimbirana imaposa chinyumba chokongola chomwe chimakhala miyezi inayi chili ndi loko pachitseko.

Tsopano inu muli kunja. Funso loyamba: kodi malamulo a dzikolo amakulolani kugula? Musaganize kuti ndalama imatsegula khomo lililonse. New Zealand inaletsa alendo ambiri kugula nyumba zomangidwa kale mu 2018. Canada inayamba kuletsa alendo kugula nyumba zokhalamo pa 1 January 2023. Ku England, kuyambira mu April 2021, wogula amene sakhala ku UK amawonjezera 2 peresenti pa msonkho wogulira nyumba.

Msonkho wa lendi nawonso umayamba kudulidwa m'dziko lomwe nyumbayo ili. Ku Canada, mwininyumba amene amakhala kunja amadulidwa 25 peresenti ya lendi yonse, ku America 30 peresenti, pokhapokha atalemba mafomu oti msonkho uwerengedwe atachotsa zomwe wawononga pa nyumbayo. Dziko lomwe mukukhala likhozanso kufuna gawo lake. Funsani katswiri wa misonkho ngati mayiko awiriwo ali ndi mgwirizano woletsa kulipira kawiri.

Palinso nkhani ya mphamvu ya ndalama. Mukalandira lendi mu ndalama yomwe ikugwa, pamene ngongole mukubweza mu madola kapena mapaundi, tenanti akhoza kulipira mokhulupirika mwezi uliwonse inu n'kumaluzabe. Fufuzaninso ngati dzikolo limalola kutulutsa ndalama mosavuta.

[Pa sikirini: chikalata, dzanja likusaina]

Koma pomwe anthu ambiri amalira si pa misonkho. Ndi pa munthu amene anamusiyira makiyi. Loya akhale wanu, wolipidwa ndi inu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Loyayo apite ku ofesi yosunga kaundula wa malo akaone ngati dzina la pa chikalata cha umwini ndi la wogulitsayo, komanso ngati nyumbayo siinaikidwe chikole pa ngongole ina. Chithunzi cha chikalata chotumizidwa pa WhatsApp si umboni. Tumizaninso katswiri wa zomangamanga akakwere padenga, akaone ming'alu ndi chinyezi. Zithunzi za wogulitsa sizionetsa khoma lakuseri.

Ngati mukupatsa munthu mphamvu yosaina m'malo mwanu, chikalatacho chinene nyumba yake, ntchito yake ndi tsiku lomwe mphamvuyo idzathe. Chikalata chongoti achite chilichonse m'dzina lanu chikhoza kumulola kugulitsa nyumbayo inu muli mtulo.

Za wachibale ndinene mosabisa. Akhoza kukhala wokhulupirika, koma ejenti akalakwitsa mumamuchotsa ntchito, pamene m'bale wanu mumachita naye manyazi ngakhale kumufunsa lisiti. Mukasankha wachibale, muzimulipira, ndipo mulemberane. Lendi izilowa mu akaunti ya dzina lanu, osadutsa m'manja mwa munthu. Chilichonse chokonzedwa chibwere ndi lisiti, chithunzi asanakonze ndi china atakonza. Tenanti asanalowe, wina ajambule vidiyo chipinda ndi chipinda, tenantiyo asaine mgwirizano wa lendi, apereke dipoziti, ndipo nambala yanu ya foni akhale nayo, kuti mpope ukatha sabata ukutayikira mumve kwa iye mwini.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona mmene mungasankhire tenanti ndi zoyenera kulemba mu mgwirizanowo.