Nambala ya version mu metadata ya resource agent: siyani kuikweza mwachisawawa!

Moni nonse, takulandirani, ndikujambula kuno ku Zomba ndipo mvula ikuwomba pa malata ndiye mukamva phokoso mupirire. Lero tikamba za version mu metadata ya resource agent, musachoke chifukwa pa mfundo yachiwiri pali bodza limene landikwana kwambiri.

Choyamba, mwachangu. High availability ndi ija muli ndi ma seva awiri kapena atatu, imodzi ikafa kapena magetsi akathima inzake imatenga ntchito. Mapulogalamu a Pacemaker ndi Corosync ndi amene amayendetsa zimenezi, resource agent ndi kaskripiti kamene Pacemaker amakauza kuti start, stop, monitor, kutanthauza kuyatsa, kuzimitsa ndi kuyang'anira ntchito ya pa seva. Mukakayitana ndi meta-data kamatulutsa XML yofotokoza dzina lake, ma parameter ndi ma action, imeneyo ndiye metadata. Basi, izi mukuzidziwa kale.

Chachiwiri, apa ndiye mukhale pansi. Mu XML imeneyi mawu oti version akupezeka malo atatu. Pamwamba penipeni pali xml version 1.0, imeneyo ndi ya XML yeniyeniyo, osaikhudza. Kenako pa tagi ya resource-agent pali attribute ya version, imeneyo ndiye yanu, ya skripiti yanu, lembani 0.3 kaya 2.7 mmene mungafunire. Ndiye pansi pake pali element ina payokha yolembedwa version, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti nayonso ndi ya skripiti yawo, akasintha mzere umodzi amaikweza, 1.0 kenako 1.4 kenako 2.0. Ayi abale anga! Element imeneyo ikunena version ya muyezo wa OCF, Open Cluster Framework, umene agent yanu ikutsatira. Zili ngati chaja ya foni, modelo ya chaja ndi nkhani ina, mtundu wa soketi imene ikulowa ndi nkhani inanso, simungalembe kuti ikulowa soketi imene kulibe. Muyezowu uli ndi 1.0 komanso 1.1 imene inatuluka mu 2021, ndipo Pacemaker 2.1.0 ndi imene inayamba kuimva. Ndiye munthu ukalemba 2.0 pamenepo ukunena kuti ukutsatira muyezo umene palibe anaulembapo, ndipo pcs yatsopano, chida cholamulira Pacemaker, imadandaula kuti unsupported OCF version, iwe nkumayamba kufufuza netiweki usiku wonse pomwe vuto ndi kamzere kamodzi.

Ena mwandilembera kale kuti koma yanga imagwira ntchito bwinobwino. Eee, chifukwa kwa nthawi yaitali zida zambiri sizinkaiyang'ana nambalayo, anthu nkumakopera ma agent akale ndi zolakwika zake zomwe. Koma kugwira ntchito lero si umboni kuti mwalemba zoona. Komanso osangolemba 1.1 chifukwa ikuwoneka yatsopano, 1.1 inabwera ndi zinthu zake, mayina a maudindo a resource akuti promoted ndi unpromoted m'malo mwa Master ndi Slave, action ya reload-agent, attribute ya reloadable ndi unique-group. Ngati agent yanu sikutsatira zimenezi siyani 1.0, palibe manyazi.



Chachitatu, kuyesa. Lembani crm_resource --show-metadata ocf:heartbeat:IPaddr2 muwone mmene anzanu analembera metadata ya agent ya IPaddr2, ma agent amenewa amakhala mu /usr/lib/ocf/resource.d. Yanuyo muidutsitse mu ocf-tester, chida choyesera ma agent, musanaiyike pa seva ya abwana.

Chachinayi, nambala ya skripiti yanu muziikweza mukasintha ma parameter, kuti mnzanu wa shifiti ya usiku adziwe kuti seva iyi ndi iyo zili ndi agent yofanana. Vidiyo yotsatira tikamba za fencing, kuzimitsa kapena kupatula seva imene yasokonekera, lembani mu ma komenti version imene mwaipeza mu agent yanu.