Bowa ofanana nkhope: kusiyanitsa ndelema ndi abale ake

Mvula yagwa, ndipo mukayenda pa M5 kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa mupeza mabeseni a bowa ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Taonani bowa awiri ali patebulopa. Onse ndi oyera, onse ali ndi timasamba kunsi kwa chipewa. Wina ndi ndiwo, wina akugonetsani kuchipatala. Musachoke, chifukwa pali bodza lina lomwe lero tilikwirira. Dinani kaye subscribe, n'zaulere.

Zoyambira tithamange nazo. Bowa ali ndi chipewa, timasamba takunsi, mwendo, ndipo ena ali ndi mkanda pamwendo komanso thumba kutsinde. Basi.

Choyamba: kumbani, musathyole. Lowetsani mpeni pansi pa nthaka mutulutse bowa yense. Mukapeza thumba kutsinde ngati chikamba cha dzira, muli ndi mtundu wa bowa womwe asayansi amautcha Amanita kapena wina wotchedwa Volvariella. Ndelema ndi Amanita: thumba lilipo, mkanda ulipo, timasamba n'toyera, ndipo amamera m'nkhalango ya miombo. Volvariella thumba ali nalo koma mkanda alibe, timasamba take timasanduka pinki akakula, ndipo amakonda zowola ngati mapesi a mpunga ndi makungwa a nthochi. Vuto lili paubwana wawo: ali ana onse amakhala otsekeka ngati dzira, simungawasiyanitse. Ndipo mumtundu womwewu wa Amanita muli ena opha anthu. Mukakumba n'kupeza muzu wautali wolowera kuchisa cha chiswe, wopanda thumba, ameneyo ndi Termitomyces, bowa wa pachulu, nkhani ina.

Chachiwiri: thyolani mwendo. Ukaduka phwa ngati choko cha aphunzitsi, wopanda ulusi, ndiye kuti ndi Russula kapena Lactarius. Awiriwa ndi pachibale, alibe thumba, ndipo ambiri alibe mkanda. Chekani timasamba ndi nsonga ya mpeni. Mkaka ukatuluka ndi Lactarius kapena mnzake Lactifluus, popanda mkaka ndi Russula. Koma wokalamba kapena wokhalitsa padzuwa mkaka umaphwa, ndiye yesani wanthete, m'mawa.

Tsopano bodza lija. Amayi, abambo, tcherani khutu. "Mphutsi zalowamo, nkhono yadyako, ndiye kuti ndi wabwino." Ayi! Ayi ndithu! Kodi nkhono ili ndi chiwindi ngati chanu? Poizoni wa Amanita wakupha, dzina lake amatoxin, amaononga chiwindi cha munthu, koma nkhono ndi mphutsi zina zimadya bowa yemweyo n'kumayenda bwinobwino. Mbuzi imadya masamba amene inu simungayerekeze kuika mumphika, koma palibe amene amati mbuzi ndiye dokotala. Nanga bwanji nkhono mwaipatsa udindo woyeza ndiwo za ana anu?

Ena amapitiriza: "Tipatse galu kaye, tione." Apa mpamene pamandipsetsa mtima. Poizoni ameneyu sathamanga. Munthu amatha maola 6 mpaka 24 ali bwinobwino, akuseka, asanayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Galuyo mumuyang'ana ola limodzi, akugwedeza mchira, inu n'kupakula nsima. Pamene galu akuyamba kudwala, banja lonse lidadya kale dzulo. Ndipo chinyengo chake sichithera pompo: pakapita tsiku munthu amaoneka ngati wachira, anthu n'kumati zadutsa, pamene chiwindi chikuonongeka mwakachetechete. Akayamba chikasu m'maso, nthawi yapita kale.

"Ndiye tiwiritse, titaye madzi." Sizichotsa. Kukazinga sikuchotsa, kufutsa n'kuyanika padzuwa sikuchotsa, mchere ndi matimati sizichotsa. Amatoxin saopa moto. Zoti bowa wapoizoni amasintha mtundu wa supuni mumphika, musatayirepo nthawi. Lembani m'munsimu njira ina yoyezera yomwe mudamva kumudzi kwanu, tidzaiyankhe mu vidiyo yotsatira. Ndipo tumizani iyi pa WhatsApp kwa azakhali anu aja okhulupirira mphutsi.

Tinali pachingati? Chachitatu, ndipo ichi n'chothandiza kwambiri pozindikira mtundu: fumbi la bowa, lomwe limagwa kuchokera m'timasamba. Dulani mwendo, ikani chipewa timasamba titayang'ana pansi, theka papepala loyera, theka papepala lakuda. Donthezerani dontho limodzi la madzi pamwamba, vindikirani ndi kapu kuti mphepo isauluze fumbi, musiye usiku wonse. Mapepala awiri n'chifukwa chakuti fumbi loyera silioneka papepala loyera. Amanita amasiya loyera. Volvariella amasiya lapinki wotuwirapo. Mukapeza pepala lili mbee, bowayo anali mwana kwambiri kapena wouma, bwerezani ndi wina.

Apa ndi pomwe awiri a patebulo aja akugwidwa. Onse ndi aakulu ngati ambulera, ali ndi mamba pachipewa, ali ndi mkanda, alibe thumba. Uyu wasiya fumbi loyera, ndi Macrolepiota. Uyu wasiya lobiriwira, ndi Chlorophyllum molybdites, womera pamsipu, pabwalo la mpira, ngakhale kuseri kwa khola. Akadali wamng'ono timasamba take n'toyera mbee, n'chifukwa chake amapusitsa anthu. Mukamudya, pasanathe maola 3 mukusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa, ndipo mwana wamng'ono madzi amamuthera m'thupi msanga.

Chachinayi, chachifupi: yang'anani pomwe wamera. Pansi pa msuku ndi miombo, pachulu, pamsipu kapena pa zowola. Zimachepetsa mayina oti muganizire.

Kudziwa mtundu si chilolezo choika mumphika. Zonsezi zikuthandizani kutaya wokayikitsa. Woti adyedwe ndi yekhayo amene agogo odziwa bowa wa dera lanulo amutchula dzina atamuona yense ndi tsinde lomwe, ndipo amene iwo amati chirombo musiyeni. Musasakanize mitundu m'dengu limodzi. Wina akadwala atadya bowa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi onse amene anadya nawo, ngakhale akuoneka bwino, mutatenga bowa wotsala kapena zosenda zake. Mu vidiyo yotsatira tikumba chulu tione muzu wa Termitomyces mpaka pomwe wathera. Dinani kabelu kaja.