Mpamba sudyedwa: zomwe anayankhula apampando a mabanki m'khonde pabwalo la agulupu

Zikomo agulupu, zikomo mafumu nonse, amayi anzanga, ndi inu abambo amene mwakhala kuseri kwa mtengo uko. Senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Nonse mwamva zomwe zachitika sabata yathayi. Dzina sinditchula, ndi mnzathu, timatunga naye pamjigo umodzi. Anthu a katapila anafika mbandakucha, ananyamula mbuzi ziwiri, chiwaya chokazingira mandasi, mabeseni, mpaka matiresi ogonera ana. Ndiye ndamva kale pamjigo pomwepo ena akuti ndi chitaka, ena akuti anamulodza, ena akuti eee tinanena ife, geni si ya munthu wamkazi.

Ine ndinakhala naye pansi, tinawerengetsera limodzi. Palibe chitaka apa. Ndalama ya geni yake ya mandasi ija inatuluka masanasana, ndipo ina ili m'mimba mwa anthu amene mwakhala pano. Inde, musayang'ane kumbali. "Amake mwana, patseni mandasi asanu, ndikupatsani madzulo." Madzulo ake ati? Bambo akunyumba nawonso akafuna yakachasu amangopisa dzanja m'kachitini. Kwagwa maliro, chipepeso chichokere momwemo. Mwana wadwala, ya kabaza ichokere momwemo. Tsiku lobweza ngongole ku banki m'khonde litakwana, m'chitini munali mbee. Chifukwa cha manyazi sanatiuze ife anzake, anapita kwa wakatapila, anatenga K50,000 yoti pakutha pamwezi abweze K75,000. Mwezi wachiwiri inaberekanso. Mapeto ake ndi amene mwawaonawo.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi: mpamba sudyedwa. Nenani nonse. Sindinamve kumbuyoko. Mpamba sudyedwa! Ngakhale njala ivute bwanji mu Febuluwale, mayi wanzeru sakazinga mbewu imene wasungira kudzala. Mpamba ndi chimodzimodzi. Chodya ndi phindu, ndipo phindulo uyambe waliwerenga.

Apa pa kuwerenga ndi pamene ambirife timagwera. Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti? Fulawa, shuga, mafuta ophikira, zonse zinakwera sabata imodzimodziyo. Amayi ambiri ankaona ndalama zambiri m'chitenje n'kumati geni ikuyenda. Kupita kokaoda, ndalama yomwe kale inkagula thumba lathunthu la fulawa ikugula theka. Mpamba wanu musamauwerenge m'makwacha okha ayi. Muziuwerenga m'katundu. Ndinayamba ndi thumba limodzi la fulawa ndi chigubu cha mafuta cha malita 5. Lero ndikagulitsa zonse, kodi ndigulanso thumba ndi chigubu chomwecho? Ngati yankho ndi ayi, mwayamba kudya mpamba ngakhale simunaulawe. Kwezani mtengo kapena chepetsani kukula kwa mandasi. Odandaula adandaule, sakuthandizani kubweza ngongole.

Tsono palinso matenda ena m'mudzi muno, matenda a pakamwa. Mayi akangokwera basi kupita ku Songwe kukaoloka kukaoda zitenje ku Tanzania, kapena kudzera ku Mchinji kupita ku Chipata, asanabwere n'komwe mwamupatsa kale dzina. Akuti ndalama zimenezi si za geni, ali ndi zibwenzi za madalaivala. Onena zimenezi ambiri ndi ife amayi tomwe, zochititsa manyazi. Munayamba mwagonapo pa depoti mutatsamira katundu kuopa akuba? Munayamba mwadzukapo tambala woyamba kukadikira tomato ndi kabichi ku Lizulu, chisanu cha ku Ntcheu chija chikulowa m'mafupa? Mnzanu akabwera ndi zitenjezo ndinu oyamba kukatenga pangongole, kenako muzikamunena mutavala chitenje chake chomwe simunalipire.

(Bambo wina akuimirira: "Pepani amayi, koma tinene zoona. Mkazi akayamba kugwira ndalama amayamba mwano. Pakhomo sipakhalanso ulemu, nsima imachedwa, ukafunsa akuti ndatopa.")

Zikomo achimwene, khalani pansi, mwachita bwino kunena poyera chifukwa ambiri amangong'ung'udza kumowa. Ndikuyankhani bwinobwino.

Alipo amayi amwano, sindikana. Koma mwano umenewo anali nawo asanayambe geni, ndalama yangouonetsa poyera. Ndipo abambo amwano chifukwa cha ndalama ya fodya tawaona angati? Akagulitsa ku okushoni amasowa mwezi wathunthu, kubwera ndi wailesi ndi mkazi wachiwiri. Palibe amene anaimirira pabwalo lino kunena kuti amuna asiye kulima fodya.

Za kutopazo, tiyeni tiwerenge. Mayi wadzuka usiku kukanda fulawa, wakazinga, wasesa, watunga madzi, wakonzekeretsa ana kusukulu, wakhala padzuwa tsiku lonse kumsika. Inu mwaswera pabawo. Madzulo nsima yachedwa pang'ono, mlandu. Kodi kusonkha moto kumathothola ndevu? Ndiwo zimene mukudyazo, sopo amene mukusambirayo, yunifolomu ya mwana wanu, zachokera m'beseni lomwelo.

Chimene ambiri mumachitcha mwano ndi pamene mkazi wakana kukupatsani mpamba. Pamenepo sakukunyozani, akuteteza pakhomo panu pomwe. Mpamba sudyedwa, ngakhale wopemphayo akhale mwini nyumba. Ndipo dziwani kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha. Kulanda mkazi ndalama kapena katundu wake ndi nkhanzanso, akhoza kukadandaula ku polisi, ku ofesi ija ya Victim Support Unit. Achibale a mwamuna nawonso amve: lamulo la 2011 la chuma cha masiye linaletsa zolanda katundu bambo akamwalira. Zonyamula mashini osokera a mayi wamasiye n'kumati anagula ndi mchimwene wathu, umenewo ndi mlandu.

Komanso musaiwale kuti mayi Joyce Banda anali mayi wa bizinesi, ndipo ndi amene anayambitsa bungwe la amayi ochita mabizinesi la NABW kalekale asanalowe ndale. Mu 2012 anakhala mtsogoleri wa dziko lino. Kaya mumawakonda kaya ayi, zimenezo ndi zanu ndi chipani chanu, koma amene ankati mkazi wa geni n'ngosalongosoka anawaimirira akamadutsa.

Koma nanunso amayi, ndisakusiyeni. Geni yobisa kunyumba imabala mikangano. Auzeni bambo kuti mpamba ndi uwu, phindu la sabata ino ndi ili, apa tigula ndiwo, apa sitikhudza. Ena mukapeza pang'ono mumathamangira mawigi ndi mafoni apamwamba kuti anzanu akuoneni kutchalitchi. Umenewonso ndi mpamba mukudyawo.

Ndikuona ena ayamba kuyasamula, ana akulira, dzuwa lapendeka. Ndithamange.

Gulani kope lililonse lotsika mtengo, muzilemba zomwe mwaoda ndi zomwe mwagulitsa tsiku lililonse. Ngati kulemba kumavuta, mwana wa sitandade 6 akulemberani. Ndalama ya geni isagone m'chitini chimodzi ndi ya ndiwo, ikani ku Airtel Money kapena ku Mpamba wa TNM, ndipo nambala yachinsinsi ndi yanu nokha, osauza ngakhale wa ejenti. Ngongole ya mandasi ithe lero. Amene muli nayo ya mnzathu uja mukapereke kwa alembi pasanafike Lachisanu, mayina tili nawo. Musalowe mabanki m'khonde atatu nthawi imodzi n'kumatenga uku kubweza uko. Zikakuvutani kubweza, bwerani mudzatiuze gulu lisanakumane, tikambirana, kusiyana n'kupita kwa wakatapila. Ndipo ngongole ya gulu ndi yokaodera katundu, si ya chinkhoswe. Mpamba sudyedwa, mwamva?

Gulu la Lachinayi, bokosi titsegula 2 koloko, osunga makiyi onse atatu mubwere, wochedwa chindapusa mukuchidziwa. Agulupu, ndabweza mawu kwa inu.